Kuyeza Zimene Maso Sangaone: Phunziro la Nthaka, Chimanga ndi Madzi

Mlimi amadalira maso ake pa zinthu zambiri. Amaona masamba akachita chikasu, amaona mbozi pa kabichi, ndipo mitambo ikayamba kuda amadziwa kuti nthawi yobzala yayandikira. Koma pali malo atatu amene maso sangafikeko. Oyamba ndi pansi pa nthaka, pamene mizu ikumwa madzi. Achiwiri ndi m'kati mwa njere ya chimanga kapena ya mtedza, umene ambiri kuno timati nshawa, tikaitsekera m'thumba. Achitatu ndi m'madzi amene timathirira ndiwo, kutsukira tomato ndi kumwetsa ana athu. M'malo atatu amenewa ndi mmene mumabisala phindu la chaka chonse, ndiponso matenda amene angagwetse banja.

Akatswiri a m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku akhala zaka zambiri akupanga zipangizo zoyezera malo atatuwa, ndipo zina mwa izo anazipangira mlimi wa dimba laling'ono. M'phunziro lino tiona mmene zipangizozi zimagwirira ntchito, zimene zinachitika kumene zinayesedwa, ndi zimene ifeyo tingatengepo ngakhale tisanakhale nazo m'manja.

Malo amene tikulimamo

Amene timalima ku Garden ndi kumunsi kwake tikudziwa kuti madzi athu ali ndi mbiri. Madzi onyansa ochokera m'mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka amapita ku malo oyeretsera a Manchinchi. Kuchoka kumeneko amalowa m'madamu a ku Garden, kenako amatsikira mumtsinje wa Ngwerere, umene umakathira mu Chongwe. M'mbali mwa mtsinjewu muli madimba a repu, chibwabwa, kabichi ndi tomato, ndipo ndiwo zake zimakathera m'misika ya mumzinda. Madziwa saphwa ngakhale mu Okutobala, ndiponso amanyamula chakudya cha mbewu. Koma amanyamulanso mchere ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, makamaka cha ku Kanyama ndi ku George. Madzi amayenda mwamsanga m'ming'alu imeneyi osasefedwa mokwanira. M'makomboni ambiri madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikachuluka, za m'chimbudzi chokumba zimakumana ndi za m'chitsime chosazama. Zotsatira zake tinaziona. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. M'mwezi womwewo, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chitaononga mahekitala a chimanga pafupifupi miliyoni imodzi. M'nyengo imodzi tinavutika ndi madzi oipa komanso ndi kusowa kwa madzi. N'chifukwa chake nkhani ya kuyeza ikutikhudza mwachindunji.

Choyezera n'chiyani?

Akatswiri amati sensa. Ndi kachipangizo kamene kamamva kusintha kwa chinthu china, monga kutentha, chinyezi kapena mchere, n'kukusandutsa chizindikiro chimene munthu angaone: nambala, nyale kapena mtundu. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamene namwino amaika m'khwapa mwa mwana ndi chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa. Mayi amadziwa kale kuti mwana watentha thupi, koma kachipangizoko kamanena kuti watentha kufika pati, ndiponso ngati lero pali kusiyana ndi dzulo. Ntchito ya choyezera chilichonse ndi yomweyo: kutithandiza kuyerekeza lero ndi dzulo, bedi ili ndi linzake, thumba ili ndi lina.

Pansi pa nthaka: phunziro la bilimankhwe

Dr Richard Stirzaker, wa bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia, anaona kuti zipangizo zambiri zoyezera chinyontho zimapereka manambala amene mlimi wamba sangawatanthauzire. Iye ndi anzake anapanga chipangizo chimene anachitcha Chameleon, kutanthauza bilimankhwe, chifukwa chimalankhula ndi mitundu. Tizipangizo titatu timakwiriridwa m'bedi pa kuya kosiyanasiyana: kena pafupi ndi pamwamba, kena pakati pa mizu, kena pansi pake. Mlimi akalumikiza mawaya ake ku kabokosi kowerengera, nyale zitatu zimayaka. Nyale ya buluu ikutanthauza kuti dothi ndi lonyowa kwambiri, yobiriwira kuti lili ndi chinyontho chokwanira, ndipo yofiira kuti lauma. Chimene tizipangizoti timayeza ndi mphamvu imene muzu uyenera kugwiritsa ntchito kuti uyamwe madzi m'dothi. Pa chifukwa chimenechi mitunduyo imatanthauza zofanana kaya dothi ndi lamchenga kaya ndi lamakande.

Chipangizo chinzake chimatchedwa FullStop. Chili ngati fanelo yokwiriridwa m'nthaka. Madzi othirira akatsika kufika pamene pali fanelo, amasonkhana m'kati mwake ndipo kachizindikiro kamatumphuka pamwamba pa nthaka. Mlimi amatha kukoka madzi amenewo ndi jekeseni n'kuwayeza. Kapepala kena kamasintha mtundu posonyeza kuchuluka kwa nayitireti, chakudya cha mbewu chimene timagula m'fetereza wobereketsa. Kachipangizo kena kamasonyeza kuchuluka kwa mchere.

Kuyambira mu 2013, yunivesite ya Australian National University pamodzi ndi mabungwe a kuno ku Africa inayesa zipangizozi m'masikimu a ulimi wothirira, monga Mkoba ndi Silalatshani ku Zimbabwe, Kiwere ndi Magozi ku Tanzania, ndiponso 25 de Setembro ku Mozambique. Pambuyo pake zinafikanso kwa alimi a ku Malawi. Zimene anapeza zinadabwitsa alimi eni ake. Ambiri ankathirira mopitirira muyezo. Nyale zinkakhala za buluu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo madzi a m'fanelo ankasonyeza kuti fetereza watsika kupitirira mizu. Alimi atachepetsa kuthirira, fetereza anayamba kukhala pamene mizu ili, zokolola zinakwera, nthawi yogwira ntchito zina inapezeka, ndipo mikangano yolimbirana madzi inachepa. Ngakhale alimi oyandikana nawo amene analibe zipangizo anasintha kathiriridwe kawo ataona zimene zinkachitika m'munda wa mnzawo.

Phunziro limeneli ndi lathu. Tikamathirira tsiku lililonse chifukwa madzi ali pafupi, tikhoza kukhala tikutsuka fetereza amene tinamugula movutikira, n'kumutumiza m'madzi a pansi amene anzathu akumwa. Pamwamba pa bedi pamauma msanga ndi dzuwa, koma mizu simwa pamwamba. Amene alibe chipangizo angathe kukumba pambali pa bedi kuzama ngati kutalika kwa chikhatho, n'kutapa dothi ndi kulifinya. Likatulutsa madzi kapena kunyowetsa chikhatho, kuthirira kudikire. Likaumbika mpira wosasweka msanga, chinyontho chilipo. Likangoyoyoka, nthawi yothirira yakwana. Ndipo tikayamba kuona zoyera ngati phulusa pamwamba pa bedi, nsonga za masamba zikupsa ngakhale madzi alipo, tidziwe kuti mchere ukuunjikana. Pamenepo bedi likufuna kuthiriridwa kamodzi mokwanira ndi madzi abwino kuti mcherewo utsike, ndiponso ngalande yotulutsira madzi.

M'thumba: chinyezi ndi chuku

Mu Ogasiti 2024, Nduna ya Zaumoyo Elijah Muchima inauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choipa, ndipo kuti pafupifupi theka la zitsanzo 25 zimene zinatengedwa m'makampani ogaya chimanga zinapezeka ndi poizoni wochuluka wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amachokera ku chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza, makamaka mbewu zikavutika ndi chilala m'munda kapena zikasungidwa zisanaume. Anadziwika koyamba pambuyo pa 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza woipa. Mu 2004 anapha anthu 125 kum'mawa kwa Kenya. Akamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka, amaononga chiwindi ndipo angayambitse khansa. Alibe fungo lomuzindikirira, kuphika sikumupha, ndipo ng'ombe ikadya chakudya chokhala naye amatulukira mumkaka.

Kuyeza poizoni weniweniyo kumafuna labotale kapena timapepala tapadera. Koma chimene chimatsegulira chuku khomo m'nkhokwe ndi chinyezi, ndipo chinyezi tingathe kuchiyeza. Chimanga chosunga chiyenera kuuma kufika pa magawo 13 pa 100 alionse kapena kucheperapo. Bungwe la Food Reserve Agency limafuna chimanga chouma bwino lisanagule, ndipo limayeza ndi makina. Mlimi amene wafika kumsika ndi chimanga chosauma amabwezedwa, ndalama ya galimoto itapita kale.

Akatswiri awiri a ku University of California, Davis, a Michael Reid ndi a James Thompson, anapanga kakhadi kotchedwa DryCard. Kali ndi kapepala kosintha mtundu malinga ndi chinyezi cha mumpweya. Mlimi amaika njere zodzaza manja m'botolo kapena m'pulasitiki pamodzi ndi kakhadiko, n'kutseka bwino kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Kapepalako kakakhala kapinki, mbewuyo sinaume. Kakakhala ka buluu, yauma. Malire ake ali pa chinyezi cha mumpweya cha magawo 65 pa 100, chifukwa pansi pa mlingo umenewu chuku sichimera. Kakhadika sikafuna batire, ndipo kamagwira ntchito kambirimbiri ngati kasungidwa pouma.

Njira ya mchere imatsata nzeru yomweyo. Tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo chimanga mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, thiranimo masupuni awiri kapena atatu a mchere umene mwauyanika padzuwa kapena kuukazinga, tsekani ndi kukhutchumula. Likakhala kwa mphindi 15, likhutchumuleninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Kuyeza kumeneku n'kofunika kwambiri kwa amene timagwiritsa ntchito matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America. Matumbawa ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, ndipo amapha anankafumbwe powamana mpweya. Koma satulutsa chinyezi. Chimanga chosauma chikatsekeredwamo, chinyezicho chimakhala momwemo mpaka tsiku lotsegula.

M'madzi: zoyera m'maso si zoyera zonse

Pa mliri wa 2017 ndi 2018, akatswiri a Unduna wa Zaumoyo ndi anzawo anayeza madzi akumwa m'makomboni a Lusaka. Anapeza kuti malo ambiri otungapo madzi analibe klorini wokwanira, ndipo zitsime zosazama zambiri zinali ndi tizilombo ta E. coli, timene timasonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi. Madzi otere amatha kuoneka oyera mbee.

Pali njira ziwiri zosavuta zoyezera. Yoyamba ndi ya klorini. Kapiritsi kena kakaponyedwa m'madzi okhala ndi klorini, madziwo amasanduka apinki, ndipo mtunduwo amauyerekeza ndi tchati. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti pakatha mphindi 30 chithirireni mankhwala, m'lita imodzi mukhale klorini wosachepera mamiligalamu 0.5, ndipo pofika pamene madzi akutungidwa asatsike kupitirira 0.2. Apa pali phunziro kwa tonse amene timathira Clorin m'zigubu: mlingo wolembedwa pabotolo utsatidwe, ndipo mphindi 30 zikwane madzi asanamwedwe. Njira yachiwiri inafotokozedwa ndi akatswiri a ku India mu 1982. Madzi amathiridwa m'kabotolo kokhala ndi kapepala ka mankhwala, n'kusiyidwa pofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Akada bii, ndiye kuti mwina akhudzana ndi zonyansa za m'chimbudzi, ndipo sayenera kumwedwa osawiritsa kapena kuthira mankhwala.

Nanga madzi othirira? Sitingauze mlimi wa m'mbali mwa Ngwerere kuti asiye dimba limene likudyetsa banja lake. Kafukufuku amene bungwe la International Water Management Institute linachita ndi yunivesite ya Kwame Nkrumah ku Kumasi, m'dziko la Ghana, anayang'ana alimi a m'tauni amene amathirira ndi madzi oipa ngati athuwa. Poyeza tizilombo pamasamba, anapeza kuti zinthu zing'onozing'ono zimachepetsa vutolo: kusiya kuthirira masiku angapo tisanakolole kuti dzuwa liphe tizilombo, kutsitsa kheni pafupi ndi nthaka kuti dothi lisathovukire pamasamba, ndi kutunga madzi osavundula matope a pansi, mmene mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Malangizo a World Health Organization a 2006 amanena zomwezo, kuti chitetezo chimodzi sichikwanira koma zingapo zotsatizana, kuyambira kudimba, kumsika, mpaka kukhitchini. Kwa ife zikutanthauza kuti ndiwo zodya zosaphika, monga letesi, zisathiriridwe ndi madzi a mumtsinje, kuti ndiwo zokagulitsa zisatsukidwe m'ngalande, ndi kuti wothirira avale majombo ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Pamene choyezera chimathera

Yunivesite yathu ya University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, yatisonyeza mphamvu ya kuyeza komanso malire ake. Kuyambira mu 2016, akatswiri ake pamodzi ndi a ku Hokkaido University ya ku Japan anachita kafukufuku wotchedwa KAMPAI ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994. Anayeza dothi, ziweto ndi magazi a anthu oposa 1,000. Anapeza kuti mtovu unali wochuluka kwambiri mwa anthu okhala pafupi ndi mgodi, monga ku Kasanda ndi ku Makululu, makamaka mwa ana aang'ono. Kuyezako kunasonyeza kumene thandizo liyenera kuyambira. Koma manambala sanachotse mtovu m'dothi. Ntchito imeneyo inatsalira anthu: boma, achipatala ndi makolo. Ifenso titengepo chenjezo, kuti tisalime ndiwo pamalo amene ankaphwanyirapo mabatire akale a galimoto kapena kuotcherapo zinyalala kwa nthawi yaitali.

Choyezera chilichonse chili ndi malire atatu. Choyamba, chimayankha funso limodzi lokha. Chameleon sichidziwa za tizilombo, ndipo DryCard sikanena ngati chimanga chinagwidwa kale ndi poizoni chili m'munda. Chachiwiri, chimanena za malo amene chaikidwa. Kachipangizo kokwiriridwa pakona yotsetsereka ya dimba kangatinamize za dimba lonse, monga mmene njere za pamwamba pa thumba zingatinamizire za zapansi. Chachitatu, chimafuna chisamaliro: mawaya amaduka ndi khasu, mabatire amatha, timapepala ta mankhwala timaonongeka ndi chinyezi. Mtengo nawonso ndi nkhani, koma mutu umodzi susenza denga. Alimi khumi oyandikana angathe kusonkherana makina amodzi oyezera chinyezi cha chimanga, popeza aliyense amawafuna kwa masiku ochepa pachaka.

Palinso nkhani ya chikumbumtima. Munthu amene wayeza n'kupeza kuti thumba lake silinaume, kapena amene akudziwa madzi amene anatsukira tomato wake, sanganenenso kuti sankadziwa. Chimanga chowola chimene tachichotsa m'nkhokwe sichiyenera kupita kwa nkhuku, kwa ng'ombe, kwa ofulula mowa kapena pansi pa thumba logulitsa. Wogula ku msika wa Soweto sationa, koma akudya mokhulupirira dzanja lathu.

Kope ndi pensulo

M'masikimu a ku Zimbabwe ndi ku Tanzania, chimene chinasintha alimi sichinali nyale ya tsiku limodzi. Mitundu inkalembedwa sabata ndi sabata, ndipo pakutha kwa nyengo alimi ankakhala pansi kuyerekeza zolembazo ndi zokolola zawo. Wina ankaona kuti bedi lake linakhala la buluu nyengo yonse koma anakolola zochepa, pamene mnzake amene ankalola zobiriwira kuonekera anakolola zambiri. Kuyeza kosalemba kumaiwalika, ndipo chaka chamawa timabwerezanso zomwezo. Choncho chipangizo choyamba chimene aliyense wa ife ayenera kukhala nacho ndi kope ndi pensulo.

Ntchito ya mwezi uno

1. Sankhani mabedi awiri ofanana a mbewu imodzi. Lina lithirireni monga mwa nthawi zonse. Linalo lithirireni pokhapokha mutakumba ndi kufinya dothi. Lembani tsiku, chiwerengero cha makheni ndi mitolo imene mwakolola pa bedi lililonse.
2. Yezani ndi mchere chimanga kapena mtedza umene mwasunga. Tengani njere za pamwamba, za pakati ndi za pansi pa thumba, ndipo lembani zimene mwaona.
3. Jambulani mapu a pakhomo panu ndi dimba lanu. Onetsani chitsime kapena mpopi, zimbudzi zonse zapafupi kuphatikizapo za anansi, ndi kumene madzi a mvula amalowera. Werengani mapazi kuchoka pachitsime kufika pachimbudzi chapafupi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi timadziwa bwanji kuti nthawi yothirira yakwana? Ndi zizindikiro ziti zimene zingatinamize?
2. Ngati kusiya kuthirira masiku angapo tisanakolole kufotetsa ndiwo pang'ono, tingatani kuti wogula atetezeke koma ifenso tisaluze?
3. Chimanga chikapezeka ndi chuku pamene banja lilibe china, gulu lathu lingathandize bwanji kuti chisadyedwe?
4. Ndi choyezera chiti chimene gulu lathu lingayambe kusonkherana, ndipo ndani angachisunge ndi kulemba zotsatira?

Ophunzira amene ali pasukulu abweretse makope awo m'kalasi kumapeto kwa mwezi. Amene munamaliza kale maphunziro, titumizireni zimene mwapeza m'madimba mwanu, ngakhale zitakhala zosiyana ndi zimene talemba pano, kuti tiziike pamodzi ndi za anzanu ndi kuphunzirapo tonse.